Ndinabereka m'Dzina la Akulu Anga

Ku Joni ndinalera ana asanu a eni ake. Ndinawasambitsa, kuwapukuta mamina, kuwaperekeza kusukulu, mpaka mmodzi anaphunzira kutukwana m'Chichewa chifukwa cha ine. Wanga wobereka ndekha ndi mmodzi, dzina lake Tadala. Koma mutapita ku ofesi iliyonse ya boma la kumeneko n'kufunsa za ine, akuuzani kuti mayi ameneyu sanaberekepo. Sakhala akunama ayi, chifukwa zimene zili m'mabuku mwawo tinawauza ndife.

Ndinachoka kwathu kuno, m'mapiri a Ntchisi mbali yoyang'ana ku Dowa, fodya atatikana zaka ziwiri zotsatizana. Ndinali mbeta, sukulu nditalekezera Fomu 2. Akulu anga a Esinati anali atatsogola kalekale. Anakwatiwa ndi bambo wa komweko, woyendetsa galimoto ya buledi, ndipo kudzera mu ukwatiwo anapeza chitupa cha boma, kabuku kobiriwira kokhala ndi chithunzi chawo. Kumudzi ankawatchula ngati munthu amene wakwera kumwamba ndi thupi lomwe. Atanditumizira uthenga woti ndibwere, amayi anandiperekeza mpaka pamsewu, atandimangira mtedza wokazinga pakansalu. Malangizo awo anali amodzi: “Ukamvere akulu ako. Kumeneko mayi ako ndi iwowo.” Ndipo ndinakawamveradi.

Basi tinayenda nayo masiku atatu, kudutsa pa Dedza, kupsa ndi dzuwa la ku Tete, mapazi kutupa ngati mikate. Pachipata cha dziko lawo anandidindira masiku makumi atatu. Masiku amenewo ndinawakoka ngati mphira mpaka anasanduka zaka, pasipoti ili pansi pa chikwama, itafa kalekale.

Ntchito ndinapeza ya m'nyumba, yogonera komweko, m'kachipinda ka kuseri kwa garaja. Kutsidya kwa mpanda kunkagwira mayi wina amene ndinamudziwa chifukwa cha nyimbo. Tsiku lina ndikuyanika zovala ndinamva munthu akuimba nyimbo ya kutchalitchi kwathu, mawu ake okhawokha a kumudzi. Ndinapolokozera. Nyimbo ija inaduka, kenako mutu unatulukira pamwamba pa mpanda.

“Iwe wa kuti?”

“Wa ku Ntchisi.”

“Ayi ndithu, ndamva kulakwitsa kwa nyimboko. Ine wa ku Nachisaka.”

Ameneyo ndiye anali NaMbewe, mnzanga wa pamtima zaka zonse ndinakhala kumeneko. Ndiye anandiphunzitsa mayendedwe a munthu wopanda pepala. Chitenje usavale m'tauni. Ukaona galimoto ya apolisi usathawe, usayang'ane pansi, uzingotafuna chingamu ngati dzikolo ndi la abambo ako. Madamu akakulalatira uziti pepani, zotukwana uzisungira Lachinayi tikakumana. Lachinayi ndilo linali tsiku lathu lopuma. Tinkakhala pa udzu wa m'paki ina, kudya tchipisi, kujeda mabwana athu mpaka nthiti kuwawa.

Mimba inabwera ndi mnyamata wowotcherera zitsulo wa ku Chisepo, wa pakamwa potsekemera. Atamva kuti ndaima anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito ku Kepi, ndipo mpaka lero akuwotchererabe. Sinditaya naye malovu ameneyo.

Ndinapita kukalira kwa akulu anga. Iwo anali atakhala pabanja zaka zambiri opanda mwana, ndipo akuchimuna anali atayamba kuwaponyera mawu. Anandimvetsera akusenda anyezi, kenako anaika mpeni pansi.

“Ukapita kukiliniki ndi pasipoti yakufayo, mwanayu adzabadwa wopanda pepala,” anatero. “Sukulu azidzamubweza pakhomo, azidzathawa apolisi ngati iwe. Tenga kabuku kanga. Kuyambira sikelo yoyamba, ndiwe Esinati.”

“Nanga chithunzi, akulu?”

“Chithunzi chatani? Ine ndi iwe tinasiyana pati? Mpata wanga wa m'manowu basi, ndipo pojambulitsa ndinatseka pakamwa.”

Tinaseka mpaka misozi. Alamu anga, munthu wosayankhulayankhula, anangogwedeza mutu n'kunena kuti chaka chimenecho sapita kumudzi kwawo pa Khirisimasi, kuti amayi awo adzangoona mwana ali m'manja.

Anthu ena akamva nkhaniyi amandifunsa ngati sindinaope. Ndiope chiyani? Kwathu mwana wa akulu ako ndi mwana wako. Ine ndemwe ndinakhala zaka zinayi kwa amayi aang'ono ku Mponela popanda wolemba kalata. Mwana ndi wa mbumba, ndipo ine ndi a Esinati tinali a bere limodzi. M'mutu mwanga, kaya alembe dzina langa kaya la akulu anga, mwanayo ankagwera m'nkhokwe imodzi. Ndinkaona ngati tapusitsa boma la eni, osadziwa kuti boma silipusa, limangodikira.

Kukiliniki namwino ankaitana kuti “Esinati!” ine n'kumacheuka kufunafuna akulu anga, mpaka NaMbewe kundigunda ndi chigongono. Tsiku lochira, ululu utandigwira, anamwino ankakuwa kuti, “Limbika, Esinati, limbika!” Ndinabereka ndikuitanidwa dzina la mwini. Patapita masabata angapo akulu anga ndi alamu anapita ku ofesi n'kubwera ndi setifiketi ya kubadwa: mayi Esinati, bambo alamu anga, mwana nzika ya dzikolo. Tinaphika mpunga ndi nkhuku, NaMbewe n'kuimba nthungululu anthu oyandikana nawo mpaka kusuzumira pawindo.

Ndinayamwitsa miyezi isanu ndi umodzi, kenako ndinabwerera kuntchito, mkaka ukudontha m'yunifolomu ndikumusisita mwana wa madamu. Tadala anatsala ndi akulu anga. Iwo anaika lamulo limodzi. “Mwana sasunga chinsinsi. Akadziwa, adzakauza aphunzitsi, tonse tidzathera kundende. Adzamva akadzakula.” Motero ine ndinasanduka amayi aang'ono obwera Lamulungu ndi yogati m'chikwama.

Tsiku lina, ali ndi zaka zitatu, anagwa pakhonde n'kung'ambika mlomo. Ine ndinali pafupi, nditatambasula kale manja. Anandilambalala, magazi ali chuchuchu, n'kukadziponya pamiyendo ya akulu anga akukuwa kuti amama. Akulu anga anamunyamula n'kundiyang'ana pamwamba pa kamutu kake. Sanandiyang'ane monyoza, komanso sanandiyang'ane mopepesa. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa ngati m'khitchini muja anaganizira mwanayo kapena anadziganizira okha. Mwina zonse ziwiri. Ndinkawakonda, ndipo ndinkawachitira nsanje yoopsa, ndipo Lamulungu lililonse ndinkadya nawo mbale imodzi.

Zaka zinapita choncho. Zimene ndinkapeza ndinkazitumiza kumudzi ndi anyamata a matransipoti: mabulangete, mapoto, feteleza wa alongo anga ndi malume, malata. Amayi ndinawamangira nyumba ya njerwa zootcha imene ndinkangoiona pa foni. Atamwalira sindinapite kumaliro, chifukwa munthu wa pasipoti yakufa akatuluka ndiye kuti watuluka. Ndinalira ndikusita malaya a bwana.

Akulu anga anagwa m'khitchini tsiku lina m'mawa, mtsempha wa m'mutu, ndipo pofika kuchipatala anali atapita. Poti anali olowoledwa, maliro anakaikidwa kwa amuna awo, kumidzi ya kutali kumpoto kwa dzikolo. Tadala anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Titachoka kumanda, amayi awo a alamu anga anasonkhanitsa abale n'kunena kuti mwana wa mwana wawo sangakulire m'tauni ndi bambo woyenda usana wonse pamsewu. Atsala ndi iwo. Ng'ombe zinaperekedwa, mwana ndi wawo. Aliyense anavomera. Ine palibe anandifunsa, ndinali mlendo wothandiza kutsuka mbale.

Alamu ndinawapeza kuseri kwa khola.

“Alamu, inu mukudziwa.”

“Ndikudziwa.”

“Ndiye bwanji mwangokhala chete?”

“Ndikayankhula ndimangidwa ndine, ndiwenso. Nanga mwanayo adzakhala wa dziko liti?” Anayang'ana nsapato zawo. “Ndamulera ngati wanga, mlamu. Sindimutaya.”

Ndinakwera minibasi ndekha. Tadala anaima pachipata atavala diresi yakuda yomukulira, akundibayibitsa ngati mlendo aliyense wobwerera kwawo.

Ndinakhala mwezi wathunthu chakudya chosalowa. NaMbewe ndiye anandikoka dzanja. Anali atamva kutchalitchi kuti m'tauni muli ofesi ya maloya othandiza alendo pa nkhani za mapepala, osalipiritsa. Tinapita Lachinayi. Mzere unayambira pamasitepe: anthu a ku Congo, a ku Zimbabwe, a ku Ethiopia, aliyense atakumbatira kapulasitiki ka mapepala pachifuwa. Ine ndinalibe choti ndikumbatire, kupatula khadi la sikelo lolembedwa dzina la malemu.

Loya amene anandilandira anali mtsikana, wamng'ono kwa ine, wa magalasi. Anandipatsa tiyi. Ndinayamba kufotokoza, iye akulemba. Nditafika pa kabuku kobiriwira kaja anasiya kulemba, anadzuka n'kukatseka chitseko.

“Mayi, ndisanalembe china chilichonse, ndikufuna mumve kumene nkhaniyi ikupita.”

“Ine sindinabe mwana wa munthu,” ndinatero. “Anali akulu anga, bere limodzi. Kwathu tonse ndife amayi ake.”

“Ndikukhulupirirani. Koma lamulo limadziwa mayi mmodzi, amene analembedwa.”

“Ndiye ine ndine ndani kwa iye?”

“Pa pepala ndinu m'bale wa malemu mayi ake. Bambo ake ali moyo. Ndipo inu mulibe chilolezo chokhala m'dziko muno.”

Kenako anandiyalira njira ziwiri, pang'onopang'ono, ngati namwino wofotokoza matenda osachizika. Yoyamba inali yoti tipite kukhoti, atiyeze magazi ine ndi mwana. Magazi sanama, khoti lingavomere kuti mayi ndine. Koma tsiku lomwelo setifiketi yake ya kubadwa isanduka yabodza. Unzika wake ugwa, chifukwa unaima pa mayi amene sanamubereke ndi bambo amene sanamubereke. Ine ndi alamu tiyankha mlandu wonamiza boma. Pamapeto pake, mwachidziwikire, atitumiza kwathu.

“Mudzapita naye ku Malawi,” anatero. “Adzakhala wanu, palibe adzakulandeni.”

“Nanga yachiwiri?”

“Yachiwiri ndi yoti mumwe tiyiyo, mutuluke, ine ndisakhale nditamva kanthu. Mwana akhalabe nzika, aphunzire mpaka pamene nzeru zake zingamufikitse. Koma inu mukhala mmene mulilimu.”

Ndinamufunsa kuti iye akanakhala ine akanatani. Anavula magalasi n'kunena kuti ntchito yake ndi kundionetsa njira, osati kundisankhira. Mawu abwino, aulemu, koma ndinalakalaka kumuthira tiyiyo kumaso. Ndinabwera kudzafuna munthu wondibwezera mwana, ndinapeza munthu wondipatsa mpeni kuti ndisankhe ndekha chala chodula. Anandiuza kuti ndikaganize sabata imodzi.

Sabata imeneyo tinayambana ndi NaMbewe koyamba. Iye ankati, “Tenga mwana wako, iwe! Ife tinakula ndi chiyani, si mgaiwa ndi chisoso? Tinafa?” Ine ndinkati sitinafe, koma taona kumene tili, tikuchapa makabudula a eni. Tadala ankakhala nambala wani m'kalasi. Khasu anali asanaligwirepo. Chichewa chake chinali cha m'khitchini mwa akulu anga, chongokwanira kupempha madzi. Ndinkamuona m'maganizo akutsika basi pa Ntchisi boma, atangouzidwa kuti amayi amene wawaika m'manda sanali amayi ake, bambo ake si bambo ake, dziko lake si dziko lake, ndipo zonsezi wamulanda ndi mayi wa yogati uja. Akanandiyang'ana ndi maso otani?

Lachinayi lotsatira ndinabwerera n'kumuuza loyayo kuti asalembe. Sanandiyamikire, sanandidzudzule. Anachita chimene akanatha: analemba kalata yogwirizana ndi alamu kuti mwana azibwera kwa ine pa holide, ndiponso tizilankhulana pa foni. Ndinasaina. Ine, amene ndinang'ambika pomubereka, ndinasaina pepala lopempha chilolezo choti ndizicheza ndi mwana wa eni. Loyayo sanandinamize ngakhale liwu limodzi, ndipo ndikudziwa kuti anathandiza anthu ambiri. Koma sindikufuna kudzamuonanso.

Maholide ndinadya naye Tadala anayi okha. Tsiku lina masana, chingamu chili m'kamwa monga mwa malangizo, apolisi anatseka mbali zonse za siteji ya minibasi n'kuyamba kufunsa mapepala mmodzimmodzi. Anatisunga masabata angapo kumalo kumene amasungira alendo oti abwezedwe. NaMbewe anabwera kamodzi ndi sopo ndi chitenje, tinagwirana zala pa waya, osanena za mkangano uja. Kenako apolisi anatikweza basi yobwerera kwathu, atatidinda chiletso cha zaka zingapo. Ndinafika kwathu ndi jumbo imodzi.

M'nyumba imene ndinamangira amayi ndinapeza muli alongo anga ndi akazi awo, amene kumwambo wathu anayenera kukhala kuchikamwini. Anandipatsa kachipinda kosungiramo fodya. Munda wanga anali atagawana. Izi sizinandiwawe kwenikweni, wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima. Chinandiwawa ndi tsiku limene malume anandiitanitsa, abale atakhala bwalo. Iwo nkhani yonse ankaidziwa, amayi anawauza asanamwalire.

“Mwana ali kuti?”

“Ali pasukulu, malume. Ali bwino.”

“Sindinafunse ngati ali bwino. Akulu ako tinawataya, ngakhale manda awo sitikuwadziwa. Tsopano wapereka ndi mwana wa mbumba yathu kwa anthu olowola. Unali ndi mpata womutenga, unakana. Ndiwe mayi wamtundu wanji?”

Ndinawayang'ana, bambo amene feteleza wanga anamuthira zaka zonsezi osafunsa kuti ndikugona pati. Ndinafuna kuwafunsa kuti adzukulu awo aakazi amene anakhala m'mbumba, atatu onse ali ndi ana kumsana asanafike Sitandade 8, apindula chiyani. Ndinangoti pepani, monga ndinazolowera kwa madamu. Kuchitsime amayi ankanong'onezana kuti ndinagulitsa mwana ku Joni. Akanadziwa kuti sindinalandire ngakhale zikomo.

Ndinapempha kadimba m'munsi mwa phiri, ndimalima mbatatesi ndi kabichi, n'kumagulitsa tsiku la msika. Mawondo anayamba kundivuta. Tadala sanandiiwale. Ankaimba foni mwezi ndi mwezi, ndipo poti netiweki kuno imagwira pamwala wa kuseri kwa tchalitchi pokha, ndinkakwera kukamudikira pamenepo. Ndinamva pamwalapo kuti wakhoza mayeso. Ndinamva pamwalapo kuti wamaliza kosi ya unamwino, walembedwa m'kaundula wa anamwino, wayamba ntchito kuchipatala cha boma. Nthawi iliyonse ndinkati akadzakula ndidzamuuza, ndipo nthawi iliyonse ankakhala atawonjezera chinthu china pamwamba pa setifiketi ija.

Mwezi wathawu anaimba m'mawa, ndili ndi matope m'manja. Ndinakwera mothamanga mmene mawondo anandilolera.

“Amayi aang'ono, mwakhala pansi? Ndili ndi pathupi.”

Ndinakuwa mpaka mbuzi zinabalalika. Iye anaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira.

“Ndikuopa. Agogo anamwalira, apongozi anga sindinawazolowere. Ndilibe mayi. Ndikufuna inu mubwere, osati kudzacheza masiku makumi atatu, koma kudzakhala, ndikusamaleni mawondowo, mundilerere mwana. Dzulo ndinapita kwa loya.”

Apo ndiye ndinakhaladi pansi, iye n'kupitiriza.

“Akuti chiletso chanu chinatha kale, chimenecho si vuto. Koma akuti nzika imaloledwa kuitanitsa mayi kapena bambo woibereka. M'bale wa mayi salola. Ndinakangana naye, ndinamuuza kuti inu ndi amene mwatsala, ndilibe wina. Akuti mukanakhala kuti ndinu ondibereka, bwenzi tikudzaza mafomu dzulo lomwelo.” Anafwenthera. “Bwanji Mulungu sanangochita kuti mukhale inuyo?”

Mawu anakwera mpaka pakhosi. Anali atatu okha, ndine mayi ako, ndipo ndakhala ndikuwayeserera zaka zoposa makumi awiri, pochapa, polima, pogona. Akanawamva, ndikumudziwa mwana ameneyu, akanathamangira kwa loyayo tsiku lomwelo, wokondwa, kukapempha kuyezetsa magazi. Ndipo zikanagwa zonse: chitupa chake, kaundula wa anamwino, ntchito, ndi pepala la kamwana kamene kali m'mimbako, kamene sikanalakwire munthu.

“Halo? Amayi aang'ono, mukundimva?”

“Ndikukumva, mwana wa akulu anga,” ndinatero. “Loyayo wanena zoona. Usavutikenso nazo. Uzidya masamba ambiri, ndipo usamanyamule zolemera.”

Anadula foni ndi iye, chifukwa wodwala wina ankamuitana. Ine ndinatsikira kudimba, madzi ndinali nditawasiya akuyenda m'kabichi.